Kuchokera kuchipatala cha maso kufika pakhomo: thandizo la anthu osaona ndi oona pang'ono m'Malawi

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka zisanu kupita m'tsogolo, anthu oposa 1.5 miliyoni ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo pafupifupi theka la anthu amenewa ananena kuti amavutika kuona. Sikuti onsewa ali mumdima wandiweyani. Ena saona chilichonse, ena amangozindikira kuti kunja kwawala, ndipo ambiri amaona ndithu koma mosakwanira kuwerenga, kuzindikira nkhope ya munthu amene ali patali kapena kuyenda okha dzuwa likalowa. A zaumoyo amati munthu ndi wosaona ngati diso lake labwinopo silingathe kuwerenga zala za dzanja la munthu amene waima pa mtunda wa mamita atatu, pamene wina amene amaona kuposa apa koma magalasi, mankhwala ndi opaleshoni zalephera kumubwezera maso ake onse amamuika m'gulu la oona pang'ono. Magulu awiriwa safuna thandizo lofanana, ndipo zolakwika zambiri zimene zimachitika m'sukulu ndi m'midzi zimayamba pamene onsewa atengedwa ngati anthu a vuto limodzi.

Thandizo loyamba ndi la kuchipatala, chifukwa anthu ambiri amene lero saona angathe kuonanso. Chimene chimachititsa khungu kwambiri m'dziko muno, monganso m'mayiko ambiri a mu Africa, ndi ng'ala, nthenda imene kagalasi kachilengedwe ka mkati mwa diso kamachita chifunga, makamaka munthu akamakalamba. Opaleshoni yake ndi yochotsa kagalasi koonongekako n'kuikamo kena kopangidwa. Kwa dokotala wozolowera ntchitoyi siitenga ngakhale ola limodzi, wodwala sapatsidwa mankhwala omugonetsa tulo, ndipo m'mawa mwake akamasula bandeji ambiri amaonanso nkhope za ana awo. Imachitika ku chipatala cha maso cha Lions pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku chipatala cha mishoni cha Nkhoma, ndiponso madokotala amayendera zipatala za m'maboma pa masiku oikika. Komabe agogo ambiri amakhala zaka ali m'nyumba ndi ng'ala yochiritsika. Ena amati ndi ukalamba basi, ena amaopa kuti kuchipatala akawachotsa diso, ena amayamba athamangira mankhwala azitsamba odonthezera m'maso, amene nthawi zina amatentha diso n'kusiya chipsera chosachotseka. Palinso vuto la ndalama yoyendera, limene limakhala lowirikiza kawiri chifukwa wodwalayo sangakwere galimoto popanda womuperekeza, ndipo woperekezayo amasiya munda masiku angapo.

Kuti zopinga zotere zingathe kugonjetsedwa, umboni wake tili nawo. Mu Seputembala 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti dziko la Malawi lathetsa nthenda ya maso ya trachoma ngati vuto lalikulu la umoyo wa anthu, ndipo linali dziko loyamba kummwera kwa Africa kutero. Nthenda imeneyi ikabwerezabwereza imapinditsa chikope kuti chiyang'ane mkati, kotero nsidze zimakanda diso tsiku ndi tsiku mpaka munthu kusiya kuona. Siinathe chifukwa cha zipatala zazikulu zokha. Alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka ankalowa khomo ndi khomo kugawa mankhwala ndi kufufuza anthu a zikope zopindika, mafumu ankamemeza anthu awo, ana ankaphunzitsidwa kusamba kumaso, ndipo boma linagwira ntchito limodzi ndi mabungwe olimbana ndi matenda a maso monga Sightsavers ndi BICO. Njira yofanana ndi imeneyi ndi imene yakhala ikugwiritsidwa ntchito pogawa chaka ndi chaka mankhwala oteteza ku khungu lofalitsidwa ndi tintchentche takuda ta m'mbali mwa mitsinje yothamanga m'maboma monga Thyolo, Mulanje ndi Mwanza. Pamene thandizo linamulondola munthu mpaka pakhomo pake, zinthu zinayenda.

Pali anthu ena amene chipatala sichingawabwezere maso, ndipo nkhani yawo ndi imene ndikufuna kukhalitsapo. Nthenda ya glaucoma imaononga mtsempha wa diso mwakachetechete, kawirikawiri popanda ululu, kuyambira m'mbali kupita pakati, ndipo munthu akamadzazindikira kuti sakuona bwino zimene zaonongeka sizibwereranso. Matenda a shuga, amene akuchulukirachulukira m'matauni ndi m'midzi momwe, amaononga mitsempha ya magazi ya kumbuyo kwa diso. Ena anavulala pa ngozi, ena anabadwa osaona, ena ali ndi zipsera zimene chikuku chinawasiyira ali ana. Munthu wotere akauzidwa ndi dokotala kuti maso ake sangachirenso, kawirikawiri amabwerera kumudzi popanda kalata yomutumiza kwina kulikonse, ngati kuti ntchito yonse yathera pomwepo. Kunena zoona, apa ndi pamene ntchito ina yaikulu imayenera kuyambira, ndipo m'maganizo mwanga mpata umene ulipo pakati pa khomo la chipatala cha maso ndi khomo la nyumba ya munthuyo ndiwo chilema chachikulu cha thandizo lathu lonse.

Chimene chimachitika pakhomo chimachokera m'chikondi, koma mapeto ake ndi owawa. Achibale amamulanda munthu khasu poopa kuti adzitema, amamuletsa kuyandikira moto, amamuyalira mphasa pakhonde n'kumamubweretsera chakudya pomwepo. Bambo amene ankaweruza nkhani za pabanja amasiya kufunsidwa nzeru, mayi amene ankadziwa bwino mmene ufa ukuyendera m'nyumba amangomva kuti watha. Pakapita miyezi, munthuyo amafooka thupi chifukwa chosayenda, amayamba kudziona ngati mtolo, ndipo ambiri amagwidwa ndi matenda a nkhawa amene palibe amene amawatchula dzina. Kenaka pamasankhidwa mwana, nthawi zambiri mdzukulu, woti azimutsogolera ndi ndodo, wina kugwira kutsogolo wina kumbuyo, ndipo mwana ameneyo amayamba kujomba kusukulu mpaka kusiyiratu. Motero khungu la munthu mmodzi limaononga tsogolo la anthu awiri, ndipo ana amene timawaona akutsogolera akuluakulu opempha m'misewu ya ku Limbe kapena ku Lilongwe ndi mbali yooneka chabe ya vuto limene lafala kwambiri m'midzi.

Maphunziro othandiza munthu kuyambiranso moyo wake alipo, ndipo si ovuta monga mmene ambiri amaganizira. Choyamba ndi kuyenda. Ndodo yoyera yoyenera imafika cha pachifuwa cha mwini wake, ndipo amaiyendetsa kumanja ndi kumanzere molingana ndi kukula kwa mapewa ake, kuti nsonga yake igunde pamalo pamene phazi likubweralo litaponde. Motero dzenje, mwala kapena ngalande zimadziwika phazi lisanafikepo. Mphunzitsi amayamba ndi m'nyumba, kenaka njira ya kuchimbudzi ndi kubafa, imene poyamba angaimangire chingwe, kenaka ya kumjigo, kutchalitchi kapena kumzikiti, mpaka kumsika. Wophunzirayo amazolowera kugwiritsa ntchito zizindikiro zimene woona sazilabadira, monga kulira kwa chigayo, kutsetsereka kwa njira, mthunzi wa mtengo wa mango ndi mbali imene dzuwa likumuomba. Chachiwiri ndi ntchito za tsiku ndi tsiku. Nsima imaphikika pomvera kulira kwa madzi ndi kulemera kwa mthiko, chimanga chimabzalika potsata chingwe chokhala ndi mfundo zotalikirana mofanana pamzere, ndipo ndalama zamapepala zimasiyanitsidwa pozipinda mosiyanasiyana. Chachitatu, chimene chimaiwalika kwambiri, ndi kuphunzitsa a pabanja. Ayenera kudziwa kuti katundu wa m'nyumba sasunthidwa osamuuza, kuti chitseko sichisiyidwa chotsekula theka, kuti wofika pakhomo amatchula dzina lake ndipo wochoka amatsanzika kuti asamusiye akulankhula yekha. Pomuperekeza samukoka dzanja kapena kumukankha kumbuyo, koma iyeyo ndiye amagwira mkono wa womuperekezayo pamwamba pa chigongono n'kumayenda pambuyo pang'ono, kuti thupi la mnzakeyo lizimuuza za chitunda kapena pokhota.

Amene anapatsidwa udindo wa ntchito imeneyi ndi bungwe la boma loona za anthu aulumali limene kwa zaka zambiri linkadziwika kuti MACOHA, lokhazikitsidwa potsatira lamulo la 1971, ndipo tsopano likutchedwa MACODA. Bungweli lakhala likutumiza alangizi m'madera kuti aziphunzitsa anthu aulumali kwawo komweko mothandizana ndi anthu ongodzipereka, ndipo lili ndi fakitale yoluka nsalu ku Bangwe kumene anthu aulumali, kuphatikizapo osaona, akhala akugwira ntchito. Ku Mulanje kulinso sukulu ya boma yophunzitsa anthu osaona ntchito zamanja ndi ulimi. Vuto n'lakuti alangizi ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa maboma, ndalama zoyendera zimasowa, ndipo ntchito zambiri zimadalira mabungwe akunja, kotero ndondomeko ikatha zaka zake ntchitonso imazilala. Ndodo zoyera zimachokera kunja ndipo nthawi zambiri zimagawidwa pa zikondwerero, monga pa 15 Okutobala, tsiku lokumbukira ndodo yoyera padziko lonse. Kugawako n'kwabwino, koma ndodo yoperekedwa popanda womuphunzitsa munthu kagwiritsidwe ntchito kake imangotsamira kuseri kwa chitseko.

Ana osaona ali ndi mwayi woposa wa akuluakulu, chifukwa mbali ya maphunziro ndi imene inayamba kalekale. M'zaka za m'ma 1950 amishoni anatsekula sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Pambuyo pake koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu inayamba kusula aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, ndipo kumeneko kulinso makina osindikizira mabuku a zilembo za braille, zimene osaona amawerenga popapasa ndi zala. M'malo momanga sukulu zambiri za osaona okhaokha, dziko lino linasankha kuika zipinda zapadera pa sukulu wamba, monga ku Ekwendeni, Malingunde, Nkope ndi Makande. Mwana amayamba waphunzira braille ndi kayendedwe m'chipinda chapaderacho, kenaka amalowa m'kalasi limodzi ndi anzake oona, ndipo mphunzitsi wapadera amamulembera ntchito m'zilembo zopapasa n'kumasuliranso mayankho ake m'zilembo wamba kuti mphunzitsi wa m'kalasi athe kuchonga. Palinso aphunzitsi oyendayenda amene amayendera ana m'sukulu za kufupi ndi kwawo. Bungwe la MANEB limakonza mayeso a braille ndi a zilembo zikuluzikulu, ndipo chifukwa cha njira imeneyi lero tili ndi aphunzitsi ndi omaliza maphunziro a ku yunivesite amene saona.

Ngakhale zili choncho, braille ndi yodula. Zilembo zake zimapangidwa ndi timadontho tisanu ndi kamodzi totukuka, zimafuna pepala lochindikala, ndipo buku limodzi laling'ono la zilembo wamba limasanduka mabuku angapo akuluakulu. Makina olembera a Perkins amagulidwa kunja, ndipo akaonongeka amisiri owakonza ndi owerengeka. Silabasi ikasintha, mabuku a ana oona amafika msanga pamene a braille amachedwa, kotero mwana wosaona amatha teremu akudalira mnzake womuwerengera. Masamu ndi sayansi ndi zimene zimavuta kwambiri, chifukwa zojambula ndi zizindikiro zake zimafuna zipangizo zopapasa komanso mphunzitsi wodziwa braille ya masamu, ndipo izi zimachepetsa ntchito zimene ana amenewa angadzasankhe akakula.

Ana oona pang'ono ndiwo ambiri, koma ndiwonso amene amaphonyedwa kawirikawiri. M'kalasi la ana oposa 100, mwana amene saona pa bolodi amangotengedwa ngati wopanda nzeru kapena waulesi, amabwereza kalasi kangapo, kenaka amasiya. Winanso amatumizidwa kukaphunzira braille pamene akanatha kuwerenga zilembo wamba akanapatsidwa magalasi oyenera, kagalasi kokulitsa zilembo, malo a kutsogolo ndi mphunzitsi wolemba zilembo zazikulu amenenso amatchula mokweza zimene akulemba. Izi zimakhudza kwambiri ana achialubino. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000, ndipo pafupifupi onse amabadwa ndi vuto la maso: kuwala kumawathobwa, maso amagwedezeka, ndipo zinthu zakutali saziona bwino. Koma chialubino pachokha sichimufikitsa munthu posiyiratu kuona, kotero kumuphunzitsa mwana wotere braille poganiza kuti tsiku lina adzachita khungu ndi kumutayitsa nthawi. Chipewa cha khonde lalikulu, magalasi ochepetsa kuwala ndi mabuku a zilembo zikuluzikulu zimamuthandiza kuposa. Yunivesite ya Mzuzu imasula akatswiri oyeza maso ndi kupereka magalasi, ndipo akatswiri amenewa akamayendera sukulu pafupipafupi ana ambiri angapezeke asanatope ndi maphunziro.

Mbali ina imene oona saiganizira ndi ya chinsinsi. Munthu wosaona akapita kukayezetsa magazi ndi womuperekeza, kawirikawiri wa chipatala amalankhula ndi woperekezayo m'malo molankhula ndi mwini wake, ndipo zotsatira zimene zinayenera kukhala zake zokha zimadziwika ndi mlamu kapena mdzukulu. Mapiritsi amalembedwa kamwedwe kake pa kapepala kamene iye sangawerenge. Akafuna kutapa ndalama za pafoni amakakamizika kuulula nambala yake yachinsinsi. Ndalama zathu zamapepala zili ndi zizindikiro zotukuka zoti munthu azipapasa, koma zimafufutika ndalama ikayenda m'manja ambiri. Pa chisankho, lamulo limalola wosaona kubwera ndi munthu amene amamukhulupirira kuti amuthandize, ndipo mabungwe a anthu aulumali akhala akulimbikira kuti pamalo aliwonse oponyera voti pazikhala chipangizo chopapasa choika pamwamba pa pepala lovotera, kuti munthu achonge yekha popanda wina kudziwa amene wamusankha.

Foni zamakono zasintha zinthu kwa amene angakwanitse kugula. Pafoni za Android pali TalkBack, pa iPhone pali VoiceOver, ndipo pakompyuta pali mapulogalamu monga NVDA, imene ndi yaulere, ndi JAWS, imene ndi yogula. Zonsezi zimawerenga mokweza zimene zalembedwa, kotero munthu angathe kulemba uthenga pa WhatsApp, kuwerenga nkhani pa intaneti ndi kugwira ntchito ya muofesi. Komabe mawu ake anapangidwira Chingerezi ndi zinenero zina zakunja, ndipo Chichewa amachitchula mopotoka moti pamafunika khutu lozolowera. Kwa munthu wa kumudzi wailesi ikadali njira yodalirika kwambiri yomvera za ulimi, za matenda ndi za machenjezo a madzi osefukira. Pa nkhani ya mabuku, dziko la Malawi linalowa nawo mu 2017 mu pangano la ku Marrakesh, limene limalola kuti mabuku asinthidwe kukhala a braille, a zilembo zikuluzikulu kapena omvera popanda kuyamba kupempha chilolezo kwa eni ake, ndiponso kuti mayiko azigawana mabuku oterowo. Phindu lake lidzaoneka pokhapokha pakhale anthu ndi ndalama zojambulira mabuku a Chichewa ndi a silabasi yathu, chifukwa amenewo palibe dziko lina limene lingatitumizire.

Anthu osaona eni ake sanangokhala kudikira. Bungwe la Malawi Union of the Blind lili ndi nthambi m'maboma, APAM imaimira anthu achialubino, ndipo FEDOMA imasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali wosiyanasiyana kuti azilankhula ndi boma ndi mawu amodzi. Kupatula kumenyera ufulu, magulu amenewa ali ndi mphamvu imene mlangizi woona alibe, chifukwa munthu amene wangosiya kumene kuona amakhulupirira msanga kuti moyo ukupitirira akachezeredwa ndi mnzake wosaona amene wabwera yekha ndi ndodo yake, ali ndi banja ndipo amalima. Mipingo nayo ili ndi gawo. Bungwe la Torch Trust ku Blantyre lakhala likupereka Malemba a Chichewa mu braille ndi kusonkhanitsa anthu osaona m'magulu a mapemphero, ndipo amayi a mvano, miphakati ndi magulu a kumzikiti ndiwo amadziwa nyumba iliyonse imene muli munthu amene wasiya kutuluka. Ndimalakalaka magulu amenewa akanamapitirira pa kupereka sopo ndi ufa pa Khirisimasi, n'kumamupatsa munthuyo udindo mukwaya, mukomiti kapena mu banki mkhonde, kumene ambiri amakanidwa ngongole poganiziridwa kuti sangabweze. Ndalama za Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayambira ku Mchinji mu 2006, zimafikira mabanja ena osaukitsitsa amene alibe wogwira ntchito, koma sizinakonzedwe kuti zilipire ndodo, magalasi kapena ulendo wa kuchipatala cha maso.

Pa malamulo sitili m'mbuyo. Dziko lino linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, linakhazikitsa lamulo la za ulumali mu 2012, ndipo mu 2024 linabweretsa lamulo latsopano limene linalowa m'malo mwa la 1971 ndi la 2012 lija n'kukhazikitsa MACODA. Chimene chatsala ndi ntchito ya m'maboma, ndipo mbali yake yaikulu siifuna nyumba zatsopano. Wa chipatala cha maso akapeza munthu amene sangachire, alembe dzina lake ndi mudzi wake n'kutumiza kwa mlangizi wa za ulumali ndi ku nthambi ya bungwe la osaona ya m'bomalo, kuti pasanathe mwezi wina akamuyendere. Alangizi a zaumoyo, amene amayenda kale m'midzi pa nkhani za katemera ndi ukhondo, angathe kuphunzitsidwa masiku ochepa kuyeza maso powerengetsa zala, kuzindikira ng'ala ndi kuonetsa banja kaperekezedwe koyenera. Makhonsolo nawo ayenera kuika mu bajeti ndalama za mafuta a njinga zamoto za alangizi ndi aphunzitsi oyendayenda, ndipo makomiti a chitukuko a m'midzi akamakambirana za mjigo, mlatho kapena chimbudzi cha pasukulu, pakhale munthu wosaona woti anene ngati angathe kufikapo yekha.